Khofi Wozizira pa Mbaula ya Bambo Evlogi

Malemu Bambo Evlogi Dobrev anabadwa pa 14 Novembala 1951 m'mudzi wa kumapiri kufupi ndi Smolyan, kwa Bambo Dragan ndi Mayi Nevena. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Radko, mng'ono wawo. Banja landituma kuti ndinene zonse monga zinachitikira, osabisa kanthu. Ngati pali wina amene ziti zimuwawe, apirire monga ife tikupiririra.

Anayamba sukulu m'chaka cha 1958. Ali ndi zaka khumi anamasula wailesi ya bambo athu yonse, chifukwa ankati ikulira ngati ili ndi chimfine. Anakwapulidwa ndithu, koma ataibwezeretsa inkamveka bwino kuposa kale, ndipo bambo sanapepese mpaka imfa yawo. M'chaka cha 1966 anapita ku Plovdiv kukaphunzira za magetsi, ndipo atamaliza anakatumikira usilikali zaka ziwiri.

M'chaka cha 1973 analembedwa ntchito pa kampani ya boma yojambula nyimbo ku Sofia. Ankayenda m'midzi atanyamula makina a tepi olemera ngati mwana wa ng'ombe. Mu Seputembala 1978, pa ukwati wina kumapiri konko, anajambula mtsikana wotchedwa Tsvetana akuimba nyimbo yoperekeza mkwatibwi. Inali nyimbo imodzi yokha, ya mphindi zinayi. Tepi imeneyo sanaipereke kuntchito. Anaiika m'thumba la jekete, ndipo chaka chotsatira, pa 3 Juni 1979, anakwatira mwini mawuwo. Mulungu anawadalitsa ndi mwana mmodzi, Ralitsa, m'chaka cha 1982. Alamu anga a Tsvetana sanalolenso kujambulidwa. Ankati, "Kamodzi kaja ndinapezapo mwamuna, kachiwiri ndingapezenso vuto lanji?"

Boma litasintha, kampani ija inatsekedwa. M'chaka cha 1992 malemu anatsegula situdiyo yawo m'chipinda cha pansi pa nyumba muno mu Plovdiv. Ntchito yawo inali yomalizira: ena akajambula nyimbo n'kuisakaniza, inkabwera kwa iwo kuti aisalaze isanapite pa chimbale. Oimba ambiri muli panonu mukudziwa kagwiridwe kawo. Nyimbo ikayamba ankatseka maso. Pa kompyuta sankayang'anapo, ankati maso amanamiza makutu.

Ndiyenera kufotokoza za chinthu chimodzi, kuti amene si a ntchitoyi amvetse. Mawu a pa tepi asanalowe mu kompyuta amadutsa m'bokosi limene limawasandutsa manambala. Malemu ankakonda kunena kuti, "Bokosi likanama, kompyuta imasunga bodzalo osakalamba." Mabokosi a m'sitolo sanawakhutiritse, choncho kuyambira m'chaka cha 2006 anayamba kupanga lawo ndi manja awo, ndipo linawatengera zaka zisanu ndi zinayi. Bokosi limenelo linkatentha kwambiri likamagwira ntchito, mwakuti tonse tinkalitchula kuti Mbaula. Khofi wawo ankamuika pamwamba pake kuti asazizire. Anthu ankatumiza matepi kuchokera ku mayiko akutali kuti angodutsa mu Mbaula.

M'chaka cha 1998 analemba ntchito Bambo Asen Grudev. Anawaphunzitsa zonse, anawapatsa makiyi, ndipo mu 2003 anawaimira pa ukwati wawo m'tchalitchi. Pa Khirisimasi iliyonse a Asen ankadya patebulo pathu ngati mwana wa m'nyumba.

Mayi Tsvetana anatisiya pa 20 Febuluwale 2011. Kuyambira pamenepo tepi ya 1978 ija ndiyo inali malo okhawo amene mawu awo anatsalamo. Koma tepi yakale imanyowa n'kumamata. Kuti ilire, amayamba aiumitsa mu uvuni pa moto wochepa, ndipo yowonongeka ngati ija imalira kamodzi kokha, kenako fumbi lake losunga mawu limasupuka n'kutsala lamba wopanda kanthu. N'chifukwa chake malemu anaisunga osaikhudza. Ralitsa akawakakamiza ankamuyankha kuti, "Mayi ako adikire kaye, Mbaula sinakwane." Mbaula itakwana, iwo ndi amene anayamba kuchita mantha.

Pa 8 Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mtima, ndipo anakhalamo milungu isanu ndi iwiri. Situdiyo anaisiya m'manja mwa a Asen. Madokotala atawauza zoona zake za mtima wawo, malemu anati nthawi yakwana. Pa 16 Malichi anaumitsa tepi ija, ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira anatiitana ine ndi Ralitsa. Anayatsa makina kuti mawu a pa tepi adutse mu Mbaula n'kulowa mu kompyuta, anaika khofi wawo pa Mbaula, anatseka maso, tepi n'kuyamba kuzungulira.

Tinamva alamu anga akuimba. Koma amayi a kwathu amaimba mokweza, ndi chifuwa chonse, ndipo paliponse pamene a Tsvetana ankakweza, mawu ankang'ambika ngati nsalu. Ine ndi Ralitsa tinayang'anizana. Tinaganiza kuti ndi ukalamba wa tepi. Malemu sanamve kanthu, pakuti makutu awo anali atafooka ndi zaka ndiponso mankhwala, ngakhale sankalola kuti munthu anene zimenezo. Ankamwetulira misozi ikutsika. Nyimbo itatha anafunsa kuti, "Ralitsa, ndi mayi ako amenewa?" Mwanayu anayankha kuti, "Ndi iwowo, bambo." Kenako anatambasula dzanja kuti atenge khofi wawo. Khofiyo anali atazizira.

Anagwira pamwamba pa bokosi, linali lozizira ngati mwala. Anapempha sikuludiraiva, n'kulitsegula ife tikuona. M'kati munalibe chilichonse cha zimene anapanga zaka zisanu ndi zinayi zija. Munali kachipangizo kakang'ono ka pamsika, komatidwa ndi guluu, kamene sikakanatha kupirira mawu okwera. Anatembenukira ku tepi, ndipo fumbi lake lofiirira linali litawunjikana pansi pa makina.

A Asen anabwera masana ake. Sanakane. Zam'kati mwa Mbaula anazigulitsa ku situdiyo ina kunja kwa dziko, malemu ali pa bedi la chipatala. Mawu amene ananena ndiwabwereza pano chifukwa ndinawamva ndi makutu anga. Anati, "Akulu, tisanamizane, inu simumvanso. Ndimaganiza kuti simudzabwerera kuno, ndipo ngakhale mutabwerera, kusiyana kwake mukanakudziwa bwanji?" Munthu ameneyu ankadziwa za tepi ija. Ankadziwa shelufu imene inkakhala. Akanangonena mawu amodzi, achimwene anga akanadikira. Ndikunena poyera kuti zimenezi zikundipweteka kuposa imfa yeniyeniyi, pakuti imfa tinkaiyembekezera.

Malemu sanakalipe. Anangotambasula dzanja, a Asen n'kuikamo makiyi. Kuyambira tsiku limenelo sanatsikirenso ku situdiyo, ndipo khofi anasiya kumwa. Chimene chinkawasautsa kwambiri si bokosi ayi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Radko, ndinakhala pamenepo ndikumwetulira, mkazi wanga akung'ambika, ine osamva." Kwa Ralitsa sanasunge mkwiyo. Anamuuza kuti bodza lake linali la chikondi, ndipo ndikubwereza pamaso pa anthu onse kuti mwana wathu aleke kudziimba mlandu.

Anadwalanso kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo anamwalira kunyumba kwawo pa 9 Meyi 2024, ali ndi zaka 72. Ambiri mwafunsa ngati tiliza nyimbo ya Mayi Tsvetana pamanda pano. Sitiliza. Malemu sanatulutsepo ntchito yong'ambika m'moyo wawo wonse, ndipo sitiyamba lero.

Asiya mwana wawo Ralitsa, mkamwini wawo Bambo Velin, zidzukulu ziwiri, Darina ndi Preslav, ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza abambo a mpingo, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, amayi oyandikana nawo amene aphika tirigu wa pamaliro monga mwa mwambo wathu, ndi oimba amene mwanyamula bokosi la maliro pamapewa anu. Nkhata ya maluwa imene mwaiona itatsamira kunja kwa chipata ndi yochokera kwa a Asen Grudev. Musavutike kuilowetsa, ndife tinaiika kumeneko.

Achimwene, pitani bwino. Alamu anga akudikirani zaka khumi ndi zitatu. Mukawapemphe akuimbireninso nyimbo ija, pakuti kumeneko palibe bokosi pakati pa mawu awo ndi makutu anu. Mzimu wanu uuse mumtendere.