Ndinakwawira pansi pa galimoto mkamwini akuona

Chaka chimene nandolo anabereka kuno kwa Nazombe mpaka anthu kusowa matumba, iwe Felesiya ukadali kumsana, ndicho chaka chimene ndinatchuka kuti ndine nkhalamba yopanda mwambo, ndipo dzinalo sindilikana mpaka lero. Chotsa kaye foniyo kumaso kwangaku. Galimoto ukufuna kugulayo ndaiona, ikunyezimiradi, koma chithunzi sichinunkha ndipo sungachigogode. Khalani pansi nonse, manja azisola nandoloyo makutu ali kuno.

Bambo anu anabwera ndi nkhani yoti kwa Migowi kuli pikapu yotsika mtengo, yoti azinyamulira mbewu za anthu. Ndalama za nandolo zokha sizinakwane, ndiye ananyengerera mayi anu kuti agulitse dimba la kumtsinje lija, dimba limene amayi anga analiswa ndi manja awo atangofika kuchokera ku Mozambiki, nandisiyira ine, ine nkupatsa mwana wanga. Wogula dimbalo anali atapezeka kale, amangodikira kuti galimoto ivomerezedwe. Mtima unandiwawa, ana inu, ndipo nsima inandikanika masiku awiri.

Masiku ano mumakhala mpando umodzi ndi apongozi anu nkumaseka nawo, koma kale mpongozi ndi mkamwini sankayang'anana m'maso, mukakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu ankadzera mwa munthu. Ndinatuma mayi anu kuti akanene kuti galimotoyo iyambe yaonedwa bwino. Yankho linabwera loti zazitsulo si za amayi. Anaiwala kuti malemu agogo anu aamuna anayendetsa lole kuminda ya tiyi ku Mulanje mpaka imvi, ndipo wowapatsira masipanala Loweruka lililonse ndinali ine.

Tsiku logula ndinalawirira ndi kuwapeza bambo anu ndi mayi anu kwa Migowi, kuseri kwa msika. Mwini galimoto anali bambo wonenepa, wolankhula Chizungu chambiri, ndipo anali atailiza kale injini. Ndinaika dzanja paboneti, ndinapeza potentha, ndipo ndinadziwa kuti galimotoyi m'mawa imachita kupembedzedwa, chifukwa yabwino mwini wake saopa kuiliza ili yozizira iwe ukuona. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, mafuta ake ali mbuu ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Matayala akutsogolo anali atadyeka mbali imodzi. Bambo anu anangozolika, akuyang'ana nsapato zawo.

Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi fungo. Kumbuyo anayalako mphira watsopano ndipo anapopera zonunkhiritsa, koma mphuno ya munthu wa ku Phalombe singasokere pa matemba. Galimoto imene yatha zaka ikututa nsomba ku Chilwa imadyeka kuchokera pansi, chifukwa madzi amchere aja amadontha tsiku ndi tsiku nkumatafuna chitsulo mwakachetechete. Ndinafunsa ngati inkayenda kunyanja. Mwiniwakeyo anaseka nati agogo akapume pamthunzi.

Pamenepo ndinamanga chitenje cholimba, ndinatola msomali, ndi kugona chagada pafumbi, mkamwini wanga ali chilili pomwepo. Amayi ogulitsa makaka a chinangwa anagwira pakamwa. Mayi anu anandikoka mwendo akulira kuti ndikuwachititsa manyazi, koma ndinawakankha ndi kukwawira mkati. Pansi ponse anapakapo penti wakuda, wosauma nkomwe bwino. Ndinabaya chitsulo chachikulu chimene chimasenza galimoto yonse, ndipo msomali unangolowa, dzimbiri nkundiwazikira kumaso. Cha pakati panali powotcherera, pamene chinathyokapo kale.

Nditatuluka ndinachita chimene sindinachitepo chikwatiwire mwana wanga. Ndinawayang'ana bambo anu m'maso, ndi kuwatsanulira dzimbirilo m'manja.

"Bambo a Felesiya," ndinatero, "dimba la amayi anga musinthanitse ndi ichi? Ndikadzafa mudzagulitse. Ndili moyo, ayi."

Bambo anu anakwera njinga yawo ndi kundisiya pomwepo ndi fumbi langa. Chaka chathunthu sanatumize moni kunyumba kwanga, kutchalitchi amayi ankanong'onezana ndikamalowa, ndipo ankhoswe anabwera kudzandiuza kuti ndikapepese. Ndinawauza kuti ndipepesa tsiku limene chitsulo chija chidzamere mnofu. Pikapuyo anagula wina wa ku Chiringa, ndipo mvula yoyamba isanathe inakhala pansi ndi matumba a chimanga pamsana. Sindinasekere, munthuyo analibe chifukwa ndi ine. Koma sindinapepesenso.

Ndiye iwe Felesiya, sindikukuletsa kugula, ndalama ndi zako ndipo wazivutikira. Koma upite m'mawa injini isanadzutsidwe, uone utsi wake, ununkhize, ukweze mphira aliyense woyalidwa, ndipo dzina la m'mapepala lifanane ndi la munthu akukugulitsayo. Akakuuza kuti pansi palibe choona, pomwepo ndiye pali nkhani. Mpiru mwadyera nsima masanawu wachokera kudimba lomwe lija, ndipo anakathyola ndi bambo anu.

Loweruka ukamapita undidzere. Mawondowa khasu analikana, koma kukwawa sanakane, ndipo msomali uja ndikadali nawo.