A Yesaninso Atisiyira Alamu Ali pa Chikuku

Alongo anga amene agona m'bokosi umu anabadwa pa 9 Ogasiti 1969, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndine woyamba, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndineneretu kuti mbiriyi ikhudzanso alamu athu, amuna a malemu, amene akhala pa chikuku kutsogoloku. Iwo ndi odwala, ndipo munthu amene ankadziwa kasamalidwe kawo ndi amene tikumuika leroyu. Pa nkhani imeneyi mitima yathu ili m'mwamba.

Sukulu malemu anayamba mu 1976. Mutu anali nawo, koma mu 1986 analekeza panjira pamene bambo athu anafa ziwalo mbali imodzi. Zaka zitatu tinawasamala bambowo monga tinkadziwira: kuwadyetsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza, osalola kuti anyamule ngakhale kapu. Anamwalira asanaimirirenso.

Mu 1990 malemu analembedwa ntchito yokolopa ndi kuchapa pa nyumba yosamalira okalamba. Mu 1993 anakwatiwa ndi alamuwa, kalipentala amene anabwera kudzakonza chitseko chimodzi koma n'kupeza zifukwa zokonzera zonse. Pa nyumba yomweyo pankabwera mayi wina Lachitatu lililonse, tepi yoyezera ili m'khosi, kudzaphunzitsa nkhalamba kumanga mabatani ndi dzanja limodzi. Malemu anafunsa kumene ntchito yotere imaphunziridwa. Anabwerera ku sukulu, ya madzulo, komwe tinkakhala benchi imodzi. Masamu anawagwetsa ulendo woyamba, anabwereza. Koleji analowa mu 1999, natuluka ndi pepala mu 2003, ali ndi zaka 34 ndi ana awiri.

Ntchitoyo ife sitinkaimvetsa. Amayi athu ankafunsa ngati ndi udokotala, iwo ayi, unamwino, ayi. Ndiye amayi ankati sukulu yonse ija kunali kukaphunzira kuyeza zimbudzi za eni. Koma ntchito yake inali iyi: munthu wamkulu akafa ziwalo, akathyoka kapena akakalamba, malemu ankapita kunyumba kwake kukaona zimene zikumukanika, n'kumukonzera kuti azidzichitira yekha. Chitsulo chogwirira m'bafa, bedi kulikweza, supuni kuikulunga mphira kuti igwirike.

Chaka choyamba analakwitsa, ndipo sankabisa. Anauza alamu kuti akhome chogwirira m'chimbudzi cha mphunzitsi wina wopuma ntchito, atayeza ali chiimire pakhomo. Anaiwala kuti munthu amatembenuka asanakhale. Chitsulo chinapezeka kumbali ya dzanja lakufa, mphunzitsiyo anagwa n'kuthyoka nthiti ziwiri. Malemu anatsala pang'ono kusiya ntchito. Kuyambira pamenepo sankalola msomali kulowa m'khoma asanayambe akhala okha pampando wa wodwala, pabedi pake ndi pachimbudzi pomwe, dzanja limodzi atalipisa m'thumba. Eni nyumba ena ankaganiza kuti mlendoyo watsegula m'mimba.

Mu 2011 anakwezedwa kukhala mkulu wa gulu la anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ophunzira ambiri anadutsa m'manja mwawo. Odwala anawapatsa dzina lakuti a Yesaninso, chifukwa munthu batani likamukanika, iwo sankamugwirira; ankangonena mawu amenewo n'kudikira. Ena ankati ndi ouma mtima. Ine sindifulumira kuweruza. Ndinaona ena mwa amene ankawatukwana akubwera okha ndi ndodo kudzathokoza, ndipo ena akhala pakati panu pano.

Mu Malichi 2022 alamu anagwa ali pa ntchito. Inali sitiroko, ndipo inatenga mbali yakumanja. Malemu sanasinthe njira chifukwa choti wodwalayo ndi mwamuna wawo. Patatha zaka ziwiri alamu ankadziveka, kudzimeta, kutsira tiyi ndi dzanja lamanzere, ndi kuyenda kuchoka kuchipinda kufika pageti. Komabe ife tikapita kukacheza tinkapsa mtima kuona munthu akulimbana ndi sokosi, thukuta lili kamukamu, mkazi wake ali pomwepo akusita. Azakhali atawadzudzula tsiku lina, malemu anayankha mawu amene sindinawaiwale: "Bambo athu tinawagoneka ndi chifundo. Awa sindikupatsani."

Mu Okutobala 2024 malemu anayamba kudandaula m'mimba, ndipo madokotala anapeza khansa. Anagwirabe ntchito mpaka Januwale. Pa 3 Febuluwale 2025 anawagoneka m'chipatala, ife n'kumasinthana kukhala ndi alamu kunyumba.

Apa ndi pamene tinalakwa, ndipo woyamba kulakwa ndi ine. Nthawi yoona odwala kuchipatala ndi yochepa, pomwe alamu akadya okha amatha ola lathunthu. Ndinayamba kuwadyetsa kuti tifulumire. Wina anayamba kuwaveka. Tinabwereka chikuku. Matabwa amene anali pansi pa miyendo ya mpando wawo tinawachotsa posesa, tikuti akunyansitsa pabalaza, osadziwa kuti ndi amene ankawathandiza kudzuka. Palibe anachita ndi mtima woipa. Koma pofika sabata yachisanu alamu sankatha kuima.

Tsiku limene tinapita nawo kuwodi, malemu anayang'ana chikuku, anayang'ana malaya, mabatani onse ali m'malo mwake, n'kufunsa amene wawaveka. Sanatikalipire. Anapempha cholembera, ndipo kwa masiku atatu analemba masamba anayi a zimene alamu ayenera kuchita okha ndi zimene ife tiyenera kuzileka. Anatisiya pa 24 Malichi 2025, ali ndi zaka 55.

Anzawo a kuntchito atiuza mosabisa kuti alamu akakhalanso mwezi wina pa chikuku, mwina sadzayendanso. Banja silinagwirizane. Ena akuti apite kwa mwana wawo wamkazi, komwe kuli wantchito wowachitira zonse. Masamba aja akuti akhale m'nyumba mwawo. Onsewo ndi owakonda. Ine ndikuopa kuti maliro akatha tidzabwera ambiri, aliyense ndi chifundo chake, ndipo wotiletsa palibenso.

Malemu asiya amuna awo, mwana wamkazi ndi wamwamuna, zidzukulu zitatu, amayi athu okalamba, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza anamwino a kuwodi, anzawo a kuntchito, a mpingo, ndi oyandikana nawo nyumba amene sanatisiye tokha.

Chomaliza. M'mawa uno alamu andiuza kuti maluwa awo akaika okha pabokosi, poyenda ndi miyendo yawo. Kuchoka pamene akhalapo kufika pabokosi ndi mapazi asanu ndi anayi, ndawerenga. Sanayende chiyambire Febuluwale, ndipo ngati afike sindikudziwa. Mmodzi wa anzawo a malemu aima pambali pawo. Ena tonse, ngakhale mtima uwawe bwanji, tikhale pansi. A kwaya, musayambe nyimbo yowafulumizitsa.

Alongo anga, pumulani mumtendere, mwagwira ntchito. Alamu, dzukani pa nthawi yanu. Tikudikirani.