Analima fodya pamanda a mwana wanga

Aulutsi, ndine gogo wa pa purazi ina, famu ya fodya, ku Centenary m'dziko la Zimbabwe. Makolo athu anachokera ku Malawi, ndiye ife mudzi tilibe, tinkaikana pachulu kuseri kwa komboni. Mwana wanga wamkazi anagona pomwepo.

Chaka china foromani analimitsa malowo ndi thirakitala n'kubzalapo fodya. Titadandaula anati, "Akufa sadya."

Tsopano wakalamba, walapa, wabatizidwa mumpingo wathu. Abusa akuti wapulumuka mwa chisomo, osati ntchito zake. Koma ine anthu ndawaona, misozi ya pagulu sindiikhulupirira.

Lamulungu lapitali anandidikira panja pa tchalitchi.

"Amayi, kandionetseni pomwe pali mwana wanu, ndiikepo mwala."

"Mukufuna akutameni ndani, bambo?"

"Palibe. Tipite awiri basi."

Ndinapita ndikumuyang'anitsitsa. Koma chulu chinasalazidwa, mizere ya fodya ndi yofanana yonse. Ndinazungulira mpaka miyendo inakana, malowo osawapeza. Iye anagwada pomwe ndinaima, mwala uli m'manja, n'kulira popanda womuonerera.

Kuti Mulungu anamukhululukira ndikuvomera. Ine ndine wotopa, pa kukhululuka ndikutsatira pambuyo pang'onopang'ono. Omvera anzanga, lapani msanga, zomwe munawononga zisanasoweretu.