Yendani, a Kapitawo

A Fabiano, kapitawo amene kwa zaka khumi sanalolepo wothyola tiyi kukhala pansi, anawachotsa ndulu n'kuwapatsa livu ya masabata awiri. Tsiku lachitatu akazi awo, a Eunice, anawapeza pakhonde atadzimata pamphasa, akubuula mokweza kuti laini yonse ya nyumba za antchito imve.

"Dzukani, bambo a Queen. Ola lakwana."

"Ola lanji?"

"Adokotala anati muziyenda teni minitsi ola lililonse. Mukangogona, magazi aundana m'miyendo."

"Aaa, magazi anga si phala! Azungulira esiteti yonseyi, lero apumeko."

"Sanati apume. Anati akaundana, kachibuluma kamathamangira kumapapo, basi tayamba nyimbo."

"Iwe, wodwala amapezeka chigonere! A mpingo akubwera kudzandizonda. Akandipeza ndikuyendayenda, nthochi zija abwerera nazo."

"Muzilandira mukuyenda."

"Nanga a manijala? Akangondiona ndili chilili, livu yathera pompo. Mawa ndili m'munda, ulusi uli pamimba!"

A Eunice anamasula kapepala ka kuchipatala pamfundo ya chitenje, n'kukawerenga kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Za a manijala sanalembepo."

"Sindidzuka!"

"Kumunda mumati wokhala pansi ndi mbava. Mawu anu omwe."

"Amenewo ndi a othyola, osati a kapitawo!"

"Chabwino."

A Eunice anatola chingwe choyanikira zovala n'kuyamba kuwayeza kuchokera kumutu mpaka kuchidendene.

"Ukutani?"

"A Malizani akalipentala anati ndiziwauziratu, matabwa a bokosi akusowa. Tambasulani mwendowo. Ndikatha apa ndikamange katundu, paja wamasiye nyumba ya kampani amam'patsa mwezi umodzi wokha."

Bambo aja anadzambatuka, kubuula konse kuiwalika. Anayamba kuzungulira bwalo atagwira pamimba, atawerama ngati wothyola amene dengu lamulemera. Kunena zoona, ine mneba wawo wothyola tiyi sindinawamvere chisoni.

Asanamalize kuzungulira kachiwiri, njinga yamoto ya a manijala inatulukira kumapeto kwa laini.

"Mayo! Mphasa, amake Queen! Yala mphasa msanga!"

Koma mphasa inali itakulungidwa kale, ili m'khwapa mwa a Eunice. Iwo anayang'ana nthawi pafoni.

"Kwatsala seveni minitsi."

Kenaka anakweza dzanja, nkhope ili mwee.

"Bwana! Takhoterani kuno mudzaone! Odwala anu aja ayamba kuyenda!"