Zichiri za Biyo la a Sámmol Ivvár

Abusa, akuluakulu onse, abale a tsidya lino ndi a tsidya lija la mtsinje, ine ndine Sunná, mdzukulu wa malemu. Mbiriyi inayenera kuwerengedwa ndi munthu wamkulu, koma bambo anga ndi azakhali anga sanamvane kuti aime pano ndani, ndiye aipereka kwa ine. Ngati mawu anga sakufika kumbuyoko, mundikhululukire.

Malemu agogo athu a Ivvár Varsi, amene ambiri munkawatchula kuti a Sámmol Ivvár potsata dzina la bambo awo, anabadwa pa 9 Febuluwale 1948 kuno m'mphepete mwa mtsinje wa Deatnu. Anabadwira m'kanyumba kofoleredwa ndi dothi, chifukwa nyumba zimene zinatenthedwa pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse zinali zisanamangidwenso. Anali omaliza m'banja la ana asanu, ndipo abale awo onse anatsogola kale.

Mu 1955 anatengedwa kupita ku sukulu yogonera komweko, kumene kulankhula Chisami, chilankhulo chathu, kunali mlandu. Za kumeneko sankakonda kufotokoza. Ankangoti phunziro limene anakhoza bwino kuposa onse linali kukhala chete. Anathawako kangapo, ndipo nthawi zonse ankathawa m'nyengo imene madzi oundana amumtsinje amasweka. Mu 1962 bambo awo anatopa nako kuwabweza kusukuluko, ndiye anawapatsa nyundo yamtengo n'kupita nawo kubiyo, mpanda wogwirira nsomba mumtsinje.

Biyo limenelo nonse mukulidziwa. Lili m'munsi mwa mwala wakuda uja, pamene madzi amakhota. Chaka chilichonse madzi osefukira akayamba kuphwa, ankakhoma zichiri kuchokera kugombe mpaka pakati, kumangirira nthambi, n'kutchera ukonde kumapeto kwake. Pamenepo anagwirapo ntchito moyo wawo wonse. Nyengo yozizira ankapanga mabwato ndiponso kuyendetsa galimoto yochotsa chipale chofewa pamsewu, koma ntchito zimenezo ankazitchula kuti zodikirira. Nsomba ya salimoni yoyamba ya chaka sinkadyedwa kunyumba kwathu. Ankaiduladula n'kuigawa kwa amasiye ndi okalamba, ndipo ena mwa inu munalandirapo nthuli zake.

Pa 6 Julayi 1974 anakwatira mayi Gáddjá a tsidya la Finland. Agogo aakaziwo ankakonda kuwanyoza pamaso pa alendo kuti, "Ine ndinalowa mitala osadziwa. Mkazi wamkulu ndi mtsinjewu, ine ndine wowiritsa khofi chabe." Malemu ankayankha kuti, "Nanga mtsinje unayamba wandiwerengera makapu a khofi?" Mulungu anawapatsa ana awiri: azakhali anga a Ristiinná mu 1976, ndi bambo anga a Heaika mu 1980. Mayi Gáddjá anatisiya mu 2016.

Mu 2017 bambo anga analembedwa ntchito yolondera mtsinje, yoona kuti anthu akusodza motsata malamulo. Ena anang'ung'udza, koma malemu anakondwa. Anati, "Bola mlonda akhale mwana wa pano, wodziwa kuti mwala uwu ndi wa yani."

Pano ndiyenera kutchula mwambo umene akuluakulu mukuudziwa kundiposa, chifukwa popanda iwo zotsatirazi sizimveka. M'mudzi muno zichiri za munthu amakhoma ndi mwini wake, ndipo nyengo ikatha amazula ndi mwini wake. Ngakhale zitapendekeka, mnzake sazigwira. Munthu wina amazula pokhapokha mwini wake atamwalira, ndipo wozulayo ndiye watenga malowo, ndiye amene adzakhome chaka chotsatira. Malo amene agona opanda zichiri amaiwalika, ndipo pakapita zaka anthu amati panalibe mwini.

Mu 2021 boma linaletsa kugwira salimoni mumtsinje wonse chifukwa nsombazo zinachepa. Malemu sanatsutse kuti zachepa, anaziona okha lamulo lisanabwere. Chimene chinkawawawa n'choti anthu obadwira pano anaikidwa pamzere umodzi ndi alendo obwera ndi mbedza patchuthi. Pamsonkhano wa m'mudzi anaimirira, iwo amene sankalankhula pagulu, n'kunena kuti, "Alendowo akaletsedwa kuno apita kukawedza kwina. Nanga ife tinyamule mtsinje tipite nawo kuti?" Ukonde anaupachika m'shedi, ndipo kuyambira chaka chimenecho sanagwirenso nsomba ngakhale imodzi. Izi ndikunena pamaso pa abusa. Koma zichiri ankakhomabe, zopanda ukonde, zongoima m'madzi kuti aliyense wodutsa adziwe kuti malowo ali ndi mwini.

Mu Juni 2023 kunabwera lamulo lakuti zichiri nazonso ndi zida zosodzera, zichotsedwe zonse. Alonda ochokera kutali anayenera kubwera ndi sowo ya injini kuti adzazidule n'kuzisiya zipite ndi madzi. Zina mwa zichiri zathu zinasemedwa ndi a Sámmol eni ake, bambo a malemuwa. Bambo anga atamva, sanafune kuti alendo azidule. Analawirira okha, anazizula bwinobwino chimodzichimodzi, n'kudzazisanja pouma pafupi ndi shedi. Iwo ankaona kuti akupereka ulemu.

Malemu anatuluka ndi kapu ya khofi m'manja, ali ndi masokosi okha kumapazi. Anayang'ana mulu wa zichiri nthawi yaitali.

"Iwe Heaika, maliro anga anachitika liti? Bwanji simunandiitane?"

"Ababa, akanazidula. Ndazipulumutsa."

"Akanadula alendo, ndikanati ndi alendo, sadziwa. Koma iwe ukudziwa. Wandiika m'manda ndikumwa khofi."

Sabata yomweyo malemu anabwerera kumtsinje. Anali ndi zaka 75. Mnzawo wa kuubwana, a Jussá, anawagwirira bwato uku akuwakalipira kuti, "Ivvár, mafupa akowo ndi a chaka cha nkhondo, tuluka m'madzimo!" Sanatuluke. Anaima m'madzi ozizira ofika m'chifuwa mpaka anakhoma zichiri zingapo. Alonda anabwera n'kuwalembera onse awiri mlandu wosodza popanda chilolezo, ndipo bambo anga anazulanso zichirizo chifukwa inali ntchito yawo. Malemu anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso.

Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana sanalankhulane. Kutchalitchi kuno ankakhala mabenchi osiyana, munaona nokha. Azakhali anga ankaimba foni kuchokera ku Romsa kumene amagwira ntchito, ndipo foni iliyonse inkathera m'kulira. Kunyumba kwathu tinasiya kutchula mtsinje pa nthawi ya chakudya, ngakhale kuti umaonekera pawindo.

Mu Epulo chaka chino chifuwa chija chinakula, ndipo anawagoneka kuchipatala ku Girkonjárga. Madokotala anati mapapo atopa. Aliyense wobwera kudzawaona ankamufunsa funso limodzi: "Madzi oundana asweka?" Pa 16 Meyi bambo anga anapita kukawaona, ine ndinatsagana nawo. Anaima pakhomo atagwira chipewa.

"Ababa, asweka dzulo."

Malemu anatsegula maso. "Lowa, usaime ngati wapolisi. Khala apa." Anapuma pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Kodi zichiri zanga anazula ndani?"

"Ndine, ababa."

"Ndiye mwambo ukuudziwa."

"Ndikakhoma andichotsa ntchito. Andiimba mlandu ngati inu."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Sindikukutuma. Ndangofunsa kuti anazula ndani."

Atatero anapempha khofi, ngakhale anamwino anali atawaletsa, ndipo bambo anga anawagwirira kapu. Za biyo sanatchulenso. Lamulungu pa 19 Meyi 2024 m'mawa, agogo athu anatisiya ali ndi zaka 76. Mlandu wawo unayenera kuzengedwa kumapeto kwa chaka chino. Wa a Jussá ukadalipo.

Abale, madzi ayamba kuphwa, munaona pobwera. Sabata ikubwerayi kapena inayo ndiyo nthawi yokhoma. Lamulo silinasinthe. Azakhali anga akuti ngati bambo anga sakhoma, malo a makolo athu atha chaka chino. Amayi anga akuti ngati akhoma, m'nyumba mwathu mutha ntchito, ndipo ang'ono anga akadali pasukulu. Onse awiri akunena zoona, ndipo ine ndikamva mmodzi akulankhula ndimagwirizana naye mpaka winayo atayamba. Bambo anga sanayankhe aliyense.

Malemu asiya ana awiri, a Ristiinná ndi a Heaika, mpongozi wawo mayi Elle, ndi zidzukulu zinayi: Piera, Sárá, Ovllá ndi ine. Dzana ndinafunsa bambo anga ngati ndilembenso za biyo pa zimene malemu asiya. Anati, "Lemba anthu okha. Zinazo zisiye." Ndiye pamndandandawu ndalemba anthu okha.

Banja likuthokoza anamwino ndi madokotala amene anasamalira agogo athu, abusa ndi oimba nyimbo, amuna amene anakumba manda m'nthaka imene sinasungunuke bwino, ndi amayi amene aphika nyama ndi khofi zimene tikadye muholo tikachoka kumanda. Mutikhululukire kuti pagome sipakhala salimoni. Tikuthokoza a Jussá, amene anagwira bwato mpaka tsiku lomaliza. Tikuthokozanso anzawo a bambo anga a kuntchito amene mwabwera. Takuonani kumbuyoko, ndipo tikudziwa kuti kubwera kuno sikunali kopepuka.

Chinthu chimodzi sindinalembe, koma sindingathe kuchibisa chifukwa nonse mwachimva kale. Ena mumayang'anayang'ana pamene timaimba nyimbo yoyamba, kufuna kudziwa kumene fungo la phula likuchokera. Likuchokera pabenchi yakutsogoloyi. Bwato la agogo lakhala chovundikira paudzu kuyambira chaka chatha, matabwa ake atayamba kung'ambika. Dzulo masana bambo anga analipaka phula lonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Phula silichoka ndi sopo, ndiye abwera nalo m'manja. Munthu sapaka phula bwato limene likhale kumtunda.

Sindikudziwa chimene chidzatichitikire likalowa m'madzi, ndipo ndili ndi mantha. Inu a kuntchito, fungoli lafika ndi kwa inu komwe. Ndikungopempha kuti lero lokha musaone kanthu, tiike kaye agogo athu.

Agogo, zichiri zanu zili pouma, ndipo amene anazula akudziwa kuti ndi iwo. Mzimu wanu uuse mumtendere.