Timabowo Tiwiri pa Bondo

Pa siteji ya minibasi ku Chirimba, mayi woyendera ndodo anakhala pafupi ndi bambo wachikulire wovala mkanjo.

"Mayi, mwendowu watani?"

"Opaleshoni ya bondo, bambo. Sanang'ambe, anangoboola timabowo tiwiri."

"Inenso anandipanga yomweyo chaka chatha. Mankhwala muzimwa pa nthawi yake, osadikira ululu. Muzisanjika mwendowo pa pilo n'kuikapo ayezi wokulunga m'nsalu."

"Zonsezo ndikuchita. Koma apongozi aamuna akabwera ndimagwada powalonjera. Ndikapanda kugwada amati, 'Timabala ngati taminga timeneti, basi ulemu watha?' Ndiye ndimangogwada, koma podzuka pamenepo misozi imachita kutuluka yokha."

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati ndisagwade kaye."

"Ine ku mzikiti ndinapemphera nditakhala pa mpando miyezi iwiri yathunthu, mayi. Mulungu sanakwiye. Nanga apongozi anuwo ndi ndani?"