Kuyesa Mawaya Kumafuna Awiri

Pamalo odikirira basi, mayi wina anayang'anitsitsa bambo amene anakoleka mpukutu wa waya paphewa.

"Fumbi lonseli m'mutumu, bambo, mwachokera kudenga?"

"Kudenga ndithu, mayi. Timayala mawaya olumikiza makompyuta m'maofesi. Lero linali tsiku lowayesa."

"Mumawayesa bwanji?"

"Pamafunika anthu awiri. Wina amalumikiza kamakina kunsonga ino, mnzake kunsonga inayo m'chipinda china, n'kumafuulirana ngati nyale yayaka. Ndiye abwana anandiphatikiza ndi achimwene anga, amene sitinalankhulanepo chimwalirireni bambo athu."

"Nanga munatani?"

"Poyamba ankangoti, 'Yayaka,' ine n'kuti, 'Chabwino.' Titafika chipinda chomaliza ndinangomva, 'Yayaka. Ana ali bwanji kunyumba?'"

"Munawayankha koma?"

"Ndinawayankha. Si awo akubwera apowo, andinyamulira makwerero."